Kum'mwera ndi mphepo, kum'mawa ndi nthawi

Mmisiri amene anabwera kudzatiikira sola kumudzi kwathu, cha ku Kamwendo kuno ku Mchinji, atakwera pa malata anayang'ana uku ndi uku kenaka n'kufunsa amalume anga amene anali atagwira makwerero pansi. "Bambo, kumpoto ndi kuti pano?"

Amalume anaganiza kaye. "Kumpoto? Si ku Mzuzu nanga?"

Mnyamatayo anaseka. "Ayi bambo, ndikunena mbali yake. Ndikufuna ndilozetse solayu."

Amalume anasiya makwerero ndi dzanja limodzi, anatembenuka, n'kuloza ndi chibwano. "Ngati mukunena kumene imachokera mphepo ya mpoto ija, ndi uko, cha ku Mkanda." Mmisiri anatulutsa foni m'thumba, anatsegula kampasi, ndipo kamuvi kanakaima pafupifupi komwe kunaloza chibwano cha amalume.

Mayankho onse awiri anali olondola. Mawu anayi aja amene tinkaimba ku pulayimale titatambasula manja, kum'mawa, kumadzulo, kumpoto, kum'mwera, aphunzitsi ankatipatsa ngati ana a mimba imodzi, ofanana msinkhu, aliyense pa ngodya yake ya mtanda wojambulidwa pa bolodi. Koma si a mimba imodzi. Awiri anabadwa ku dzuwa ndi nthawi. Awiri enawo ndi mayina a mphepo, ndipo mphepo zake n'za kunyanja, kumene ambiri a ife a ku Mchinji timafikako mwina kamodzi pa moyo, pa ulendo wa sukulu kapena wa kwaya.

Tiyambe ndi osavutawo. Kum'mawa ndi ku- woloza malo ataphatikizidwa ku m'mawa, nthawi ija dzuwa likamatuluka. Kumadzulo chimodzimodzi, ku- ndi madzulo. Palibe chobisika. Chimene ambiri sitichiona, chifukwa choti mawuwa tawazolowera kwambiri, n'chakuti mkati mwa m'mawa muli mawa, ndipo mkati mwa madzulo muli dzulo. Kankhodolera kali mu m'mawa kakuimira u amene anagwa mu mu-, ndiye kuti mawuwo ndi mu ndi mawa. Tsiku limene likubwera lili ndi dzina limodzi ndi mbali imene dzuwa limatulukira, ndipo tsiku lapitalo lili ndi dzina limodzi ndi mbali imene dzuwa linakalowera. Munthu wa ku Kamwendo akayang'ana ku Lilongwe wayang'ana ku mawa, akayang'ana ku mapiri a Mchinji wayang'ana ku dzulo. Akuluakulu ena safuna n'komwe kufupikitsa, amangoti kotulukira dzuwa ndi kolowera dzuwa.

Mbali ya kum'mawayi ndi imenenso tinaisankha kuti iimire dziko. Mbendera ya 1964 ili ndi dzuwa lofiira lotuluka, la cheza 31, ndipo ndalama imene inalowa m'malo mwa paundi mu 1971 tinaitcha kwacha, mawu a munthu amene waona kum'mawa kwayera. A ku Zambia anatitsogolera, yawo anaitcha kwacha mu 1968. Boma la Bingu wa Mutharika litasintha mbendera mu 2010 n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, mkangano wake unali woti kodi dzuwa la Malawi likadali kum'mawa kapena lafika paliwombo. Mu 2012 dzuwa lotuluka lija linabwezedwa.

Komatu dzuwa silituluka malo amodzi chaka chonse, ndipo aliyense amene khomo la nyumba yake linayang'ana kum'mawa amadziwa zimenezi popanda buku. Mu Juni limatulukira cha kumanzere, mu Disembala cha kumanja, ndipo kusiyana kwa malo awiriwa n'kwakukulu, pafupifupi madigiri 24 mbali iliyonse kuchokera pakati. Ndi kumapeto kwa Malichi ndi kumapeto kwa Seputembala kokha pamene limatulukira kum'mawa kwa pa kampasi. Choncho lamulo lija la aphunzitsi, loti lozetsa dzanja lamanja kotulukira dzuwa ndipo nkhope yako yayang'ana kumpoto, limakufikitsa pafupi chabe. Kum'mawa kwa Chichewa ndi chigawo chachikulu cha thambo, si kadontho ayi.

Tsono mwera. Musanaike ku- patsogolo pake, mwera ndi chinthu chimene chimawomba. Timati mwera wayamba, mwera wakula, mwera wagwetsa mpanda. A zanyengo akamachenjeza asodzi pa wailesi amati pa nyanja pawomba mphepo ya mwera, musalowe ndi mabwato ang'onoang'ono. Mphepoyi imayamba cha mu Meyi, imalimba mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, n'kumafooka mu Seputembala. Gwero lake lili kutali, pa nyanja yamchere ya India kufupi ndi gombe la South Africa ndi Mozambique, kumene m'miyezi yozizira mpweya wolemera umaunjikana n'kumakankhira mpweya wozizira kumtunda kuno. Ikafika pa Nyanja ya Malawi imapeza njira yolambulidwa kale. Nyanjayi ndi yaitali makilomita pafupifupi 580 koma m'lifupi siipitirira 80, ndipo yagona m'chigwa chokhala ndi mapiri mbali zonse ziwiri. Mphepo ikalowa cha ku Mangochi imathamanga m'litali mwa nyanja yonse ngati madzi mu ngalande, mafunde akukulirakulira, mpaka kukafika ku Karonga ali aatali kuposa munthu. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Chitimba, pakatikati pa nyengo ya mwera, ndipo anthu 145 anathera pomwepo.

Mphepo yomweyo ndi imene imadyetsa nyanja. Ikamawomba masiku ambiri imakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kumunsi kwa nyanja, cha ku Mangochi, madzi ozizira a pansi amakwera atanyamula chakudya cha tizilombo tating'onoting'ono timene nsomba zimadya. N'chimodzi mwa zifukwa zimene dera limenelo lakhala la nsomba zambiri kuyambira kale. Usipa wouma umene amayi amagula pa mulu pa msika wa Kamwendo uli ndi mwera mkati mwake.

Msodzi amene moyo wake umadalira mphepo yotere sangalephere kuipatsa dzina, ndipo akaipatsa dzina, kumene imachokera kumatenga dzina lomwelo. Kum'mwera ndiko kochokera mwera. Mnzake ndi mpoto, mphepo ya nthawi ya dzinja, yofunda ndi yachinyezi, yotsika kuchokera kumtunda kwa nyanja, ndipo kochokera mpoto ndi kumpoto. Onani kuti dzina limatsata kochokera mphepo, osati kumene ikupita. Mwera umalowera kumpoto koma palibe amautcha mphepo ya kumpoto, monganso mlendo timamutchula ndi kwawo, osati kumene akupita.

Apa pali kanthu kamene kampasi ya m'foni siingakuuzeni. Mwera suchokera kum'mwera kwenikweni kwa pa mapu. Umachokera pakati pa kum'mwera ndi kum'mawa, ndipo ndi chigwa cha nyanja chimene chimauwongola. Kuno kumtunda kopanda chigwa chouwongola umatipeza chopingasa, kuchokera cha ku Dedza ndi ku Dzalanyama. Ndiye agogo akaloza kum'mwera n'kuloza mokhotera pang'ono kotulukira dzuwa, musawakonze. Iwo akuloza mphepo. Amene anakhotetsa mawuwo ndi ojambula mapu, pamene anawatenga n'kuwakhomera pa mzere wowongoka kuti agwirizane ndi kampasi ya azungu. Mpoto nawonso kuno sutsika molunjika. Mvula yambiri ya dzinja ku Mchinji ndi ku Kasungu imabwera ndi mpweya wachinyezi wochokera ku Congo, umene umatilowera pakati pa kumpoto ndi kumadzulo, ndipo mlimi akaona mitambo yakuda bii yaunjikana mbali imeneyo amayamba kuanula zimene anayanika.

Ngakhale kulibe mafunde, mwera timaudziwa bwino kuno. Ndi uja umang'amba milomo ndi zidendene mu Julayi, ana n'kumapita ku sukulu atatuwa mbuu, manja ali m'khwapa. Ndi uja amayi amaudikira popeta, atatembenukira kumbali kuti mankhusu a mtedza kapena a soya auluke osabwerera kumaso. Agogo anga aakazi ankaima pabwalo ndi lichero, n'kutapa mankhusu pang'ono, kuwaponya m'mwamba kuti aone kumene agwere, kenaka n'kusuntha mkeka. Akaona kuti kwangoti zii ankakhala pansi n'kunena kuti, "Tidikire, ubwera dzuwa likakwera." Ndipo unkabweradi. Bafa la udzu la kwathu khomo lake silinayang'anepo mbali imeneyo, ndipo amene anasambapo madzi a pachitsime m'mawa wa Julayi safunsa chifukwa.

N'zosadabwitsa kuti anthu okhala makilomita oposa 200 kuchokera ku gombe la Salima amaloza mbali za dziko ndi mphepo za kunyanja. Likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndi kuchokera kumeneko kumene mafumu ena a Amaravi, monga Undi, anabalalikira kulowera kumadzulo. Chiyankhulo chomwechi chili ndi dzina lina, Chinyanja, limene a ku Zambia ndi ku Mozambique akugwiritsabe ntchito, ndipo kuno linasiyidwa mu 1968 pamene chipani cha Kongeresi chinasankha dzina la Chichewa. Tinachoka kunyanja koma mphepo zake tinanyamula.

Asodzi ali ndi mphepo zina ziwiri zokwaniritsa mtandawo. Vuma imachokera kotulukira dzuwa, zambwe imachokera kolowera dzuwa, ndipo kuchokera pamenepo tili ndi kuvuma ndi kuzambwe. Amene anaphunzira ndi mabuku a Chichewa a ku pulayimale amawakumbukira, ndipo owerenga nkhani pa wailesi ena amawakonda. Ubwino wake ndi woti sasokoneza. Mukati msonkhano uchitikira kuzambwe kwa boma, palibe angaganize kuti mukunena nthawi, pamene kumadzulo kumatha kumveka ngati mukunena kuti anthu abwere dzuwa litapendeka. Ine ndinamvapo mkangano wa ndendende wotere, wina atauzidwa kuti akumane "chakumadzulo kwa msika" iye n'kumva kuti akumane msika ukamatha. Komabe pakamwa pa anthu a kuno kuvuma ndi kuzambwe sizinamere mizu. Dzuwa aliyense amaliona tsiku ndi tsiku, pamene vuma ndi zambwe sizidziwika kwenikweni kumtunda. Mwera ndi mpoto zinapambana chifukwa mbali ziwirizo dzuwa silinatipatse dzina lililonse, ndipo mphepo zake n'zimene zimagawa chaka pakati, chisanu uku, mvula uku.

Si ife tokha tinachita chonchi. Aswahili a kugombe amati kaskazini ndi kusini, kuchokera ku kaskazi ndi kusi, mphepo ziwiri zimene zinkayendetsa zombo zamatanga pakati pa Zanzibar, Arabia ndi India. Mbali za dzuwa anabwereka kwa Aarabu, mashariki ndi magharibi, ndipo magharibi ndi dzinanso la swala ya dzuwa litangolowa. Kapangidwe kake ndi komweko, dzuwa mbali ziwiri, mphepo mbali ziwiri. Tikadali pa za swala, Msilamu wa ku Mchinji akamaswali sayang'ana kum'mawa monga ena amaganizira. Mecca ili kumpoto kwathu, mopendekera pang'ono chabe kum'mawa. Zoti zopatulika zonse zili kum'mawa mwina tinazitengera ku nkhani ya Khirisimasi ya anzeru a kum'mawa, koma kum'mawa kumeneko n'kwa munthu woima ku Yerusalemu.

Kunena zoona, pa moyo wa tsiku ndi tsiku mawu anayiwa sitiwagwiritsa ntchito kwambiri. Funsani njira pa Waliranji muone ngati wina angakuuzeni kuti yendani makilomita awiri chakumpoto. Adzati tsikani kunsi, muwoloke dambo, mukafika pa mjigo mukhotere kumanja, mukaona chigafa chachitali mwafika. Kumtunda, kunsi, kutsidya, kuseri kwa phiri, ndiwo mawu oyendera. A mfumu akamaweruza za malire a munda satchula kumpoto, amatchula chulu, mtengo wa muwanga ndi khwawa. Ngakhale maulendo akutali tinkawatchula ndi malo. Agogo athu amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu sankati apita kum'mwera, ankati apita ku Joni kapena ku Halale. Mawu a kampasi amatulukira pa mapepala, pa fomu ya malo, m'kalasi, ndi pa wailesi nthawi ya chisankho, pamene wowerenga nkhani amalimbana ndi mayina a madera a aphungu. Kumpoto chakum'mawa kwa boma la Mchinji kumatuluka bwino pakamwa. Koma anzathu a ku Kasungu kwa zaka zambiri anali ndi dera lotchedwa Kasungu North North East, ndipo kulimasulira kwake lilime limachita kupindika.

Ife a m'malire tili ndi phunziro lina limene a ku Lilongwe alibe. Kuchoka pa boma la Mchinji, kudutsa pa chipata cha Mwami, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto kulowera kumene dzuwa limalowera, mumafika ku Chipata, likulu la chigawo cha Kum'mawa cha Zambia. Anthu ake ku Lusaka amatchedwa a kum'mawa, ndipo iwo eni amanyadira dzinalo. Ndiye mumayenda kulowera kumadzulo kuti mukafike kum'mawa, kwa anthu oyankhula chiyankhulo chanu chomwe, ena mwa iwo abale anu enieni. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa ochokera kuno amapita ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kumeneko ife ndi amene tachokera kotulukira dzuwa, koma eni dzina la kum'mawa ndi amene atilandirawo. Nthawi ya atsamunda zinali zosokoneza koposa. Mchinji inali Fort Manning, Chipata inali Fort Jameson, ndipo mpaka 1911 Fort Jameson inali likulu la dziko lotchedwa North-Eastern Rhodesia. Kumpoto kwake ankawerengera kuchokera ku mtsinje wa Zambezi, kum'mawa kwake kuchokera pakati pa dziko la kampani ya Cecil Rhodes. Palibe anafunsa munthu wa kwa Mlonyeni kuti iye akuona kuti dzikolo lili mbali iti.

Izi zikutibwezera ku yankho loyamba la amalume, loti kumpoto ndi ku Mzuzu. M'Malawi wa lero kumpoto ndi dzina la malo, ndipo wakumpoto ndi dzina la munthu. Atsamunda anagawa Nyasaland m'zigawo, ife tinazilandira n'kuzitcha chigawo cha Kumpoto, cha Pakati ndi cha Kum'mwera, ndipo mayina a mphepo anasanduka mayina a anthu. Munthu wa ku Nkhamenya, m'boma la Kasungu, amakhala kumpoto kwa Mchinji ndi kwa Lilongwe, mwinanso kunyumba amayankhula Chitumbuka, koma pa pepala ndi wa chigawo cha Pakati. Akangodutsa pa Jenda wafika "kumpoto". Mwana wobadwira ku Ndirande, amene sanapondepo ku Rumphi, amatchedwabe wakumpoto chifukwa cha dzina la bambo ake. Mawuwa analemera kwambiri mu 1989, pamene boma la Kamuzu Banda linalamula kuti aphunzitsi akagwire ntchito m'zigawo za kwawo, ndipo ambiri ochokera kumpoto anapakira katundu kuchoka m'sukulu za kuno. Pa chisankho cha 1994 mavoti anagawikana motsata zigawo zomwezo, Chakufwa Chihana kumpoto, Kamuzu pakati, Bakili Muluzi kum'mwera. Ine ndimaona kuti pamene munthu wanena kuti "ndi akumpoto amenewo" ndi kamvekedwe kena kake, ndi bwino kumufunsa funso la mmisiri uja, kuti kumpoto kwa chiyani. Zipani ndi apolisi anawonjezanso chigawo cha Kum'mawa, cha Zomba, Machinga, Balaka ndi Mangochi, chimene kwa munthu wa ku Nkhotakota chili kum'mwera.

Za kalembedwe ndingonena mwachidule. Mudzapeza kum'mwera, kummwera ndi kumwera, m'nyuzipepala imodzi yomweyo nthawi zina. Ine ndimapewa kumwera pa chifukwa chimodzi: pa pepala amafanana ndi mneni uja wa kumwera tiyi m'kapu yadothi. Poyankhula khutu limasiyanitsa, koma diso silimva kamvekedwe. Kumpoto kulibe vuto lotere. Mbali za pakati timazipanga ndi cha, kumpoto chakumadzulo, kum'mwera chakum'mawa, ndipo cha yemweyo akakhala yekha kutsogolo amafewetsa mawu, chakumpoto kutanthauza mbali imeneyo koma osati ndendende.

Sola uja anamulozetsadi kumpoto, atamupendeketsa pang'ono, ndipo amalume sanakhutire. Anafunsa kuti bwanji osamuyang'anitsa kum'mawa kumene dzuwa limachokera. Mmisiri anati akatero batire lizidzadza m'mawa wokha, masana onse sola azikhala atafulatira dzuwa. Anawafunsanso kuti mu Juni, nthawi ya nkhomaliro, mthunzi wa nyumba umagwera mbali iti. Amalume anayang'ana pansi n'kuloza kuseri kwa nyumba, kumene amayi amayanikako ndiwo zamasamba nthawi yotentha koma mu Juni n'kosakhalika ndi kuzizira. Mthunzi ukagwera kum'mwera ndiye kuti dzuwa lili kumpoto. Mchinji ili madigiri pafupifupi 14 kum'mwera kwa mzere wogawa dziko pakati, choncho kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limadutsa chakumpoto kwathu. Pa nthawi ziwiri zimenezo limafika paliwombo penipeni, munthu n'kuponda mthunzi wake womwe, ndipo miyezi itatu ndi theka yotsalayo, ya dzinja, limapendekera pang'ono kum'mwera.

Amalume anagwedeza mutu, anagwiranso makwerero ndi manja awiri kuti mnyamatayo atsike, n'kumuuza kuti aonjezere misomali mbali ya kunsiyo, chifukwa Julayi akubwera ndipo mwera wa pano unanyamulapo denga la chigafa lonse n'kukaliika m'munda wa eni ake.